Musanapereke ndalama ya puloti, yambani mwafufuza

Mwezi watha mlamu wanga anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Anagula puloti kunja kwa Lilongwe, njira ya ku Mchinji, atangoonetsedwa kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo. Tsiku lomwe anakatsitsa njerwa anapeza wina atakumba kale maziko. Nayenso ali ndi kalata yake, chidindo chomwecho.

Abale anga, kalata ya amfumu si title deed. Wogulitsa akanena kuti malowo ali ndi lease, mufunseni nambala yake mupite nayo ku Lands Registry mukafufuze. Kumeneko mudzadziwa mwini wake weniweni, zaka zomwe zatsala (ma lease ambiri a nyumba amakhala a zaka 99), komanso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Ikakhala puloti ya Malawi Housing Corporation kapena ya khonsolo, kafunseni komweko ngati palibe ngongole ya ground rent, poti ikatsala idzagwera inu.

Malo a makolo ndiye amafuna muyende wapansi. Chezani ndi oyandikana nawo, mumve ngati akubanja onse avomereza. Paja kwa Achewa malo amayenda kuchikazi, ndiye mwamuna atha kugulitsa munda wa alongo ake eniakewo osadziwa kanthu.

Ndalama musapereke yonse pamanja. Lipirani kudzera ku banki, m'magawo, pamaso pa mboni, ndipo gawo lomaliza lituluke saveya atakhoma mabikoni.

Mlamu wanga uja nkhani yake ikadali kwa agulupu, njerwa zikungonyowa ndi mvula.