Chenjezo: Musathire Klorini m'Madzi a Matope

Mvula ikayamba, madzi a pampopi m'mizinda mwathu nthawi zina amabwera ofiira, kapena mpopi umangouma. Mayi ku Ndirande kaya ku Mtandire amatunga pachitsime, m'ndowa mukuyandama tizinyalala, n'kuthiramo klorini mongoyerekeza. Chonde, lekani zimenezi.

Klorini amapha tizilombo, koma akakumana ndi zowola zosungunuka m'madzi, monga masamba ndi ndowe zokokoloka ndi mvula, amapanga mankhwala ena otchedwa trihalomethanes, ndipo amodzi mwa iwo ndi chloroform. Katswiri wina, Johannes Rook, ndiye adazindikira zimenezi mu 1974 m'madzi akumwa a mumzinda wa Rotterdam. Mankhwalawa saoneka ndi maso, ndipo sadwalitsa lero kapena mawa. Nkhawa ya ofufuza ili pa munthu amene wawamwa ochuluka kwa zaka zambiri, chifukwa akuoneka kuti amawonjezera chiopsezo cha khansa ya chikhodzodzo. N'chifukwa chake maiko a European Union salola kuti apitirire mamaikrogalamu 100 pa lita imodzi.

Koma pasapezeke wina wonena kuti ndiye tingosiya klorini. Ayi ndithu! Kolera imene idabuka mu 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera imatha kupha munthu tsiku lomwelo. Bungwe la WHO limanenetsa kuti kupha tizilombo m'madzi kusalekedwe poopa trihalomethanes.

Madzi akakhala akuda, ayambe adikha, muwatsanulire m'chiwiya china powasefa ndi nsalu yoyera. Mukatero thirani klorini pa mlingo umene walembedwa pabotolo kapena umene alangizi a zaumoyo akuuzani, muvundikire, mudikire mphindi 30. Madzi a pampopi oyera bwino, omveka kafungo ka klorini, athiridwa kale mankhwala, musawonjezere ena.

Chimandiwawa n'chakuti vutoli timaliyambitsa tokha kumtunda. Madzi a ku Lilongwe amachokera mumtsinje wa Lilongwe, a ku Blantyre ambiri amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry. Tikamalima mpaka m'gombe ndi kutaya zinyalala m'mitsinje, oyeretsa madzi amakakamizika kuthira klorini wambiri m'madzi odzaza zowola. Madzi a pampopi akabwera ofiira kapena onunkha mankhwala mopitirira, kauzeni a bungwe la madzi tsiku lomwelo, ndipo afunseni ngati amayeza trihalomethanes.