Madzi obisala m'thanki ya kompresa

Mumseu wa Great East Road, kucokera pa Nyimba pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthoci, mpaka pa mphambano yolowera ku boma la Petauke, kompresa ndiyo imadyetsa anyamata ambiri. Opopa matayala ndi opopera penti pa magalimoto ndi mageti, onse amadalira mpweya wa m'thanki yake. Koma pansi pa thankiyo pali kampopi kamene m'magalaji ambiri sikanatsegulidwepo cigulire makinawo. Ife tikuti kusatsegulako kumadya ndalama, ndipo tsiku lina kungadye munthu.

Madzi a m'thanki palibe amene amawathiramo, amalowa pamodzi ndi mpweya. Kukatentha madigiri 30, kyubiki mita imodzi ya mpweya ingasunge cinyezi cofika magalamu 30. Kompresa ikaupanikiza mpaka 8 bar, mpweyawo umatentha. Ukazizira m'thanki umalephera kusunga cinyezi conse cija, ndipo cimasanduka madzi, monga mmene botolo lozizira limacitira thukuta. Tiyeni tiwerengere pamodzi: kompresa yokoka malita 200 pa mphindi, ikalira ola lathunthu tsiku la cinyezi m'dzinja, imasiya madzi pafupifupi kapu imodzi. Nanga kuyambira Novembala mpaka Epulo, makapuwo ndi angati?

Madzi ena amatuluka ndi paipi. Penti imacita matuza, kasitomala nkubweza galimoto. Sipanala ya mpweya yomasulira manati imagwidwa dzimbiri mkati nkufooka. Otsalawo amakhala pansi pa thanki, kudya citsulo kuyambira mkati, kunja kukali kunyezimira.

Coopsa kwambiri cimabwera thanki ikayamba kutaya mpweya pa kaboo. Mwini wake amathamangira kwa owocherera. Koma kabooko kakutiuza kuti citsulo conse ca pansi capyapyala. Pa 8 bar, kadera ka thanki kofanana ndi cikhatho, masentimita 10 uku ndi uku, kamakankhidwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 800. Amenewo ndi matumba 16 a cimanga. Thanki yotero siyamata cigamba, ndi yotaya, cifukwa ikaphulika amene ali pafupi ndi mnyamata wopopa tayala.

Tikudziwa yankho la eni magalaji: makina oumitsa mpweya ndi odula, ndipo malaiti akabwera munthu amafuna kugwira nchito, osati kugwada pansi pa thanki. Nzoona. Koma kukhetsa madzi sikulira ngwee. Poweruka, zimitsani kompresa, cepetsani mpweya, tsegulani kampopi mpaka madzi atheretu. Akatuluka ofiira, dziwani kuti dzimbiri layamba kale. Kasefa kotchera madzi muikeni kutali ndi kompresa, mamita angapo, kumene mpweya wazizira kale, apo ayi cinyezi cimangodutsa. Paipi ya pakhoma ikhale yotsetsereka pang'ono kuti madzi atsikire kumapeto, ndipo nthambi zake zicokere pamwamba pa paipiyo. Kompresa ikhale pamthunzi popita mphepo, osati pafupi ndi potsukira magalimoto.

Inu amisiri akuluakulu, mnyamata amene mukumuphunzitsa adziwe kampopi aka tsiku lomwe adziwa swichi. Ifenso makasitomala, tikapita ndi tayala kapena geti yofuna penti, tisacite manyazi kufunsa kuti, "Bamdala, thanki munakhetsa liti?"