Owonera Asalande Cholembera cha Mlembi

Masiku ano anthu okonda masewero a pa wailesi ya kanema sakhutira ndi kuwonera chabe. Amafuna kulamula mlembi kuti uyu akwatire uyu, uyo akonde mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake. Mchitidwe wolamula mlembiwu ukuwononga luso la zolembalemba.

Taonani sewero la ku America lotchedwa Arrow, lomwe lidayamba m'chaka cha 2012. M'mabuku a zithunzi momwe nkhaniyi idachokera, bwenzi la Oliver Queen ndi Black Canary, ndipo m'seweroli malo amenewo adali a Laurel Lance. Felicity Smoak adangobwera ngati mpangankhani wamng'ono. Koma owonera ambiri adamukonda, nayamba kuumirira kuti iyeyo ndiye mkazi woyenera Oliver. Mu 2016 alembi adapha Laurel m'nkhanimo, ndipo mu 2017 Oliver adakwatira Felicity. Kodi mkangano udatha? Iyayi! Okonda Laurel adakwiya, nati alembiwo adagonjera phokoso.

Ena amati popanda owonera sewero silingakhalepo. Nzoonadi, ndipo ufulu wodzudzula ali nawo. Komatu kudzudzula nkwina, kulamula nkwinanso. Chikondi cha m'nkhani chiyenera kumera kuchokera m'khalidwe la ampangankhani, osati m'kuchuluka kwa ofuula. Ndiponso ofuula kwambiriwo sayankhulira owonera onse.

Tsono mlembi wofuna kukondweretsa gulu lililonse akumbukire kuti mapanga awiri avumbwitsa. Madandaulo awamve ndithu, koma cholembera chikhalebe m'dzanja lake.