Kodi Bwana Anagulanso Pakamwa Pathu?

Abale a ku Eiffel Flats, Kadoma ndi Chegutu, funso lathu ndi ili: munthu akaweruka, nakalankhula zakukhosi ku mowa, pa maliro kapena pa WhatsApp, kodi bwana ali nayo mphamvu yomchotsa nchito?

Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku mgodi wa Cam and Motor sakadafunsa nkomwe. Pa migodi ya masiku aja nyumba inali ya kampani, phoso la kampani, ngakhale malo omwera mowa anali a kampani. Kunja kwa nchito kunali kuti? Lamulo la Masters and Servants la 1901 linkayesa kusamvera bwana mlandu wopita nawo kundende, ndipo lamulo la 1934 lokhudza mabungwe a anchito silinawerenge munthu wakuda ngati wanchito ai. Mu 1927 Robert Sambo, mbadwa ya Nyasaland amene Clements Kadalie anamtuma ku Bulawayo kukayambitsa bungwe la ICU, anapitikitsidwa m'dziko. Sanabe kanthu. Analankhula basi. Chaka chomwecho atsogoleri a sitalaka ya ku mgodi wa Shamva anaona zomwezo. Mu February 1959, masiku a Chitaganya, Boma la Whitehead linagwira anthu mazana, ena mwa iwo a Nyasaland African Congress.

Tsono lero lamulo likuti chiani? Malamulo akulu a Zimbabwe a 2013, ndime 61, apatsa munthu ali yense ufulu wolankhula. Labour Act, ndime 5, iletsa bwana kusankha wanchito chifukwa cha maganizo ake a ndale kapena kwao kumene anachokera. Ife tikuti zimenezi nzabwino ndithu.

Koma taonani pamene pali msampha. Malangizo a Boma a 2006 alola kuchotsa munthu pa khalidwe liri lonse losagwirizana ndi pangano lake la nchito. Mau amenewa ndi otambasuka ngati khoka. Woulula zinsinsi za kampani, kapena wonamizira mnzake kuba, agwidwe, sititsutsa. Nanga wodandaula kuti malipiro achedwa miyezi itatu? Ameneyo sanaononge pangano. Analiononga ndi amene sanalipire.

Musaiwalenso 2015. Mwezi wa July khoti lalikulu, pa mlandu wa Zuva Petroleum, linalola mabwana kuchotsa anthu ndi notisi chabe popanda chifukwa, ndipo zikwi za anthu zinataya nchito m'masabata ochepa, mpaka Nyumba ya Malamulo inatseka khomolo mwezi wa August.

Chotero akakuitanani ku ofesi chifukwa cha mau a ku mowa, musasaine kalata yosiya nokha nchito. Funsani mlandu wanu wolembedwa, funsani tsiku lokamva mbali yanu, tengani wa komiti ya anchito, ndipo akakugamulani mokhota pitani nazo ku Labour Court.