Lole ya zinyalala ikatuluka pachipata cha fakitale imakathera kuti?

Malonda otolera ndi kukonzanso zinyalala za m'mafakitale akukula m'mizinda ya dziko lino, ndipo munthu woyenda m'misewu ya ku Makata ndi ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, ku Kanengo mu Lilongwe kapena ku Luwinga mu Mzuzu sangalephere kuona malole odzaza makatoni ophwanyidwa, zidutswa za malata, matumba ong'ambika ndi migolo yopanda kanthu akutuluka pazipata za makampani. Kukonzanso zinyalala kumene tikunena pano ndi kutenga chinthu chimene mwini wake wathana nacho n'kuchisungunula, kuchigaya kapena kuchitsuka kuti chikhale chipangizo chopangira katundu wina, ndipo ntchito imeneyi, imene kale inkaonedwa ngati ya anthu osowa pogwira, lero ili ndi eni ake amene amalembetsa makampani, kugula masikelo ndi makina ogayira, ndiponso kulimbirana makontirakiti a mafakitale akuluakulu. Nyuzipepala ino ikuyamikira kukula kumeneku, koma tikuona kuti kuchuluka kwa malole sikukuyankha funso limene boma ndi makhonsolo ayenera kufunsa, loti gawo la katunduyo limene palibe angaligule likukatsitsidwa kuti.

Chimene chakuza malondawa kwambiri ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi pafupifupi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera, kuphatikizapo timibulu ta pulasitiki timene mafakitale amasungunula popanga ndowa, mabeseni ndi mapaipi, komanso zitsulo ndi mapepala okhuthala opangira makatoni. Fakitale imene imadikira miyezi kuti banki iipezere madola imayamba kuona phindu m'zigubu zosweka zimene wina wazitsuka ndi kuzigaya m'dziko momwe muno, chifukwa zimenezo imalipira ndi makwacha.

Kusandutsa zotsalira za fakitale kukhala chuma si chinthu chachilendo m'Malawi. Kuyambira mu 1982 kampani ya EthCo ku Dwangwa yakhala ikugwiritsa ntchito molasesi, amene ndi manyuchi akuda otsala shuga akachotsedwa m'madzi a nzimbe, popanga ethanol wosakaniza ndi petulo, ndipo kampani ya PressCane inayamba ntchito yomweyo ku Chikwawa mu 2004. Zisisi za nzimbe zimene zafinyidwa kale zimatenthedwa m'mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa kuti zipereke nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina. Alimi a ng'ombe za mkaka ndi a nkhumba amagula masese a m'mafakitale ofulula mowa, madeya a m'zigayo ndi zotsalira za mpendadzuwa kapena soya mafuta akayengedwa, pamene alimi a kumadimba ozungulira Lilongwe amadziwa ubwino wa fumbi ndi mitsitsi ya masamba a fodya zochokera ku Kanengo ngati manyowa. Zinyalala za mtundu umenewu zimadzigulitsa zokha ndipo sizifuna lamulo lozikankha. Komabe ngakhale pamenepa pali phunziro lofunika, pakuti lita iliyonse ya ethanol imasiya malita oposa khumi a madzi akuda onunkha amene ayenera kusungidwa m'maiwe kapena kusandutsidwa feteleza, kutanthauza kuti ntchito yokonzanso zinyalala nayonso imabala zinyalala zake.

Vuto lagona pakuti msika umasankha. Wamalonda amatenga mkuwa, aluminiyamu, chitsulo, makatoni ouma ndi pulasitiki woyera, koma safuna oyili wakuda wotsitsidwa m'mainjini, matope a penti ndi utoto, madzi a asidi kapena nsanza zonyowa ndi mankhwala, chifukwa kusamala zimenezi moyenera kumadya ndalama m'malo mobweretsa. Zotsalirazo zimapeza njira zake zolowera m'makomo. Oyili wakutha amagulitsidwa m'zigubu kwa omanga nyumba kuti apake matabwa a denga poopa chiswe, ena amamuthira m'zimbudzi zokumba pofuna kupha fungo, mwakuti amatsikira m'nthaka momwe zitsime za m'makwalala amenewo zimatunga madzi. Migolo ya buluu imene inabwera ndi mankhwala a m'fakitale imatsukidwa kamodzi ndi sopo n'kuikidwa pamsika, ndipo mayi amene waigula kuti azisungiramo madzi akumwa masiku amene mipope yauma alibe njira yodziwira chimene chinali m'katimo, popeza chikalata chomatidwa pamgolo chinachotsedwa kale.

Batire ya galimoto ndiyo imaonetsa bwino kuopsa kwa kusankha kumeneku. M'kati mwake muli mtovu, chitsulo cholemera chimene chili ndi msika wabwino, ndi madzi a asidi amene alibe wogula. Wotolera amene amalipidwa pa kilogalamu amaboola batireyo, kukhuthulira asidi m'ngalande, kuswa chikuto chake ndi nkhwangwa kapena hamala, ndipo nthawi zina amasungunula mtovuwo pamoto wa makala kuseri kwa nyumba, kumene fumbi lake limagwera pansi pamene ana amakwawa ndi kuseweretsa dothi. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo kosabwezeka, ndipo zizindikiro zake sizioneka msanga. Kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira chifukwa cha mtovu wochokera ku mabatire oswedwa m'mabwalo a nyumba. Ku Mombasa m'dziko la Kenya, anthu a m'dera la Owino Uhuru, motsogozedwa ndi Phyllis Omido, anamenyera nkhondo zaka zambiri kuti fakitale yosungunula mabatire imene inali pakati pawo itsekedwe, ndipo mu 2020 khoti linalamula kuti apatsidwe chipukutamisozi cha ndalama za dzikolo zokwana 1.3 biliyoni. Fakitale ya ku Mombasayo inali kampani yodziwika ku boma, zimene zikusonyeza kuti chiphaso chokha, popanda woyendera amene amayeza mpweya, dothi ndi magazi a antchito, sichiteteza munthu. M'Malawi muno mabatire akuchulukirachulukira chifukwa cha magetsi a dzuwa amene afika ngakhale kumidzi, choncho nkhani imeneyi yatiyandikira kuposa mmene ambiri akuganizira.

Malonda a zitsulo zakutha ali ndi chilema chinanso, ndicho kuba. Sikelo sifunsa kumene chitsulo chachokera, ndipo mtengo wa mkuwa ukakwera, bungwe la Escom limadandaula za mathiransifoma oswedwa ndi zitsulo zomasulidwa pansanja zonyamula mawaya, mabungwe a madzi amataya mamita ndi zovundikira maenje, ndipo milatho imatsala yopanda zotchingira m'mbali. Mayiko ena ayesapo kuletseratu: mu Januwale 2022 Pulezidenti Uhuru Kenyatta anaimitsa malonda onse a zitsulo zakutha ku Kenya, koma chiletsocho chinachotsedwa patangopita miyezi yochepa, ndipo South Africa inaletsa kwa kanthawi kutumiza kunja zitsulo zoterezi kumapeto kwa chaka chomwecho. Ife sitikuona kuti kuletsa ndiwo mankhwala, chifukwa kumalanga wosula mbaula ndi woumba mapoto a aluminiyamu pamodzi ndi wakuba. Dziko lino lili kale ndi lamulo loyang'anira ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ndi zitsulo zakutha, ndipo chimene chikufunika n'chakuti wogula aliyense azisunga kaundula wa dzina, nambala ya chitupa cha unzika ndi mtundu wa katundu wa munthu womugulitsa, komanso kuti apolisi aziwerengadi kaundulayo.

Pa zinyalala zoopsa, malamulo aliponso. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene ambiri amangoliti MEPA, ndipo limatsatira mfundo yakuti woipitsa ndiye ayenera kulipira mtengo wokonza zimene waipitsa. Malamulo ang'onoang'ono a 2008 okhudza zinyalala ndi ukhondo nawonso amafuna kuti wonyamula, wosunga ndi wotaya zinyalala akhale ndi chiphaso. Chimene chimasokoneza ndi kagwiridwe ka ndalama. Fakitale ikalipira kontirakitala kuti achotse matope a mankhwala, ndalamayo amailandira pachipata, ndipo kuchokera pamenepo kilomita iliyonse imene lole yake iyende ndi mafuta ochotsedwa pa phindu lake, mwakuti chigwembe chapafupi kapena gombe la mtsinje wa Mudi usiku limamukopa kuposa ulendo wopita kumtaya wa Mzedi mu Blantyre. Ndipotu ngakhale atakafika ku Mzedi kapena kumtaya wa ku Area 38 mu Lilongwe, malo amenewa ndi otayirako zinyalala za m'nyumba ndi m'misika, ndipo anthu amene amakhalira kutola kumeneko amagwira ndi manja chilichonse chimene chatsitsidwa.

Njira imene mayiko ambiri amatsatira ndi chikalata choyenda ndi katundu, chimene fakitale, dalaivala ndi wolandira katunduyo amasainira aliyense payekha, chonena mtundu wa zinyalala ndi kulemera kwake ponyamuka ndi pofika, kotero kuti matani akasiyana pamakhala wofunsidwa. Fakitale siyenera kumasuka ku mlandu pongoonetsa lisiti la kontirakitala, ndipo gawo lina la malipiro liyenera kuperekedwa pokhapokha wolandirayo atatsimikiza kuti katundu wafika. Tikudziwa kuti eni mafakitale adzanena kuti ndalama zoyendetsera ntchito zawachulukira kale, ndipo si bodza, koma mbiri ya mapepala apulasitiki opyapyala ikutichenjeza za kuchedwa: boma linaletsa mu 2015 mapepala osafika mamayikiloni 60 kukhuthala kwake, mayikiloni imodzi kukhala gawo limodzi mwa magawo chikwi a milimita, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma ziletso zotengedwa kukhoti zinapitiriza kuchedwetsa ntchitoyo kwa zaka zinanso.

Ku South Africa, kumene bungwe la Petco lakhala likutolera ndalama kwa opanga mabotolo apulasitiki kuyambira mu 2004 kuti zithandize okonzanso mabotolowo, boma linakhazikitsa mu 2021 malamulo okakamiza opanga ndi oitanitsa katundu wina kulipirira kutoleredwa kwa katunduyo akatha ntchito, ndipo malamulowo amatchulanso malipiro a anthu otola zinyalala. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuno, chifukwa makampani olembetsedwa akayamba kutengeratu makatoni ndi zitsulo zabwino pachipata cha fakitale, amayi ndi anyamata a kumtaya amatsala ndi zopanda mtengo, pamene iwowo ndiwo anausunga msikawu zaka zonse zimene panalibe wina woufuna. Ndondomeko yotereyi m'Malawi ingayambire pa zinthu ziwiri zimene zimalowa m'dziko kudzera mwa oitanitsa owerengeka, mabatire ndi oyili wa injini, popeza kandalama kochepa kotoleredwa pachipata cha dziko kangapatse wotolera chifukwa chobweretsera batire yathunthu ndi asidi wake womwe. Poyembekezera zimenezo, tikupempha bungwe la MEPA kuti lizisindikiza chaka ndi chaka mayina a makampani onse amene ali ndi chiphaso chonyamula zinyalala zoopsa, matani amene aliyense wanyamula, ndi malo amene anakazitsitsa.