Mayne Reid ali ndi mbiri yake yonse, nanga Ntara wa ku Nkhoma?

Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu wasankha kuchita kafukufuku wake wa chaka chomaliza pa Mayne Reid, mlembi wa nkhani za maulendo ndi nkhondo wobadwira ku Ireland. Nditamufunsa chomwe wamukondera, sanabise. Akuti zolembedwa za munthuyu n'zosavuta kupeza, ndipo iye akufuna digiri, osati mavuto.

Ndinagula bandulo kuti ndione ngati akunena zoona. Ola limodzi lisanathe ndinali nditadziwa kuti Reid anabadwa mu 1818 ku Ballyroney, anapita ku America ali mnyamata, anadziwana ndi Edgar Allan Poe ku Philadelphia, anavulala pa nkhondo ya ku Chapultepec ku Mexico mu 1847, ndipo anamwalira ku London mu 1883. Mkazi wake Elizabeth analemba buku la moyo wake mu 1890. Joan Steele analembanso lina mu 1978. Mabuku ake, kuphatikizapo The Headless Horseman ndi The Bush Boys lomwe nkhani yake imachitikira ku South Africa, ali pa Project Gutenberg, aulere. Munthu yemwe ngakhale kwawo ambiri anasiya kumuwerenga, mwana wa ku Lilongwe akumupeza ali gone pabedi.

Kenako ndinayesa dzina lina: Samuel Josia Ntara. Uyu anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Buku lake Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934, ndipo mawu oyamba analemba Julian Huxley. Ntara yemweyu ndiye analemba Mbiri ya Achewa. Za moyo wake ndinangopeza tizidutswa, ndime apa, chiganizo apo. Koma Cullen Young, womasulirayo, ali ndi buku lathunthu la moyo wake, lomwe Peter Forster anatulutsa mu 1989. Wonyamula katundu ali ndi chithunzi pakhoma, mwini katundu palibe.

Loweruka ndinazungulira ku Old Town, kwa anyamata oyala mabuku pansi aja. Mabuku a chikondi a kunja ali mbwee, a sayansi a Fomu 4 osawerengeka, a momwe mungalemerere ndiye musanene. Nthondo palibe. Mmodzi anandifunsa ngati ndi buku la pulayimale.

Tikafika apa timakonda kuloza chala atsamunda, kuti anatitengera mbiri yathu kupita nayo ku Edinburgh ndi ku London. Zina anatengadi. Koma ine nkhondo yanga lero ili ndi ife tomwe, chifukwa mapepala omwe akutayika chaka chino sakutayidwa ndi mzungu.

Chaka chatha ndinali pa maliro ku Area 10, kwa achibale a mayi anga. Malemuwo anali mmodzi mwa anthu omwe anasamuka ku Zomba likulu litabwera kuno mu 1975. Patatha sabata ziwiri, ana awo anabwera kudzakonza m'nyumba kuti ailowetse lendi. Mafiriji ndi masofa anakanganirana. Makatoni atatu a makalata, timabuku tolembamo za tsiku ndi tsiku ndi nyuzipepala zakale anapatsa mnyamata wa pamaluwa kuti akawotche kudzala. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinanene kanthu, poopa kuoneka wamwano pakati pa akuluakulu. Mpaka lero chimandiwawa. Sindikunena kuti munali kalata ya Ntara. Ndikunena kuti palibe anatsegula.

M'nyumba za mipanda za ku Area 3, Area 10, Area 12 ndi Area 43 muli m'badwo womwe unawerenga Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe lili latsopano. Ena anaphunzitsidwa ndi alembi amenewa, ena anagwira nawo ntchito. M'badwo umenewu tikuuika m'manda mwezi ndi mwezi, ndipo makatoni awo akuwatsatira.

Wina anena kuti imeneyo ndi ntchito ya boma, si pali National Archives ku Zomba? Ilipodi, ndipo lamulo limati wosindikiza buku azitumizako kope. Koma lamulo silingalowe m'chipinda cha agogo anu kukatenga makalata. Ngakhale nyumba zosungira mabuku si zamuyaya: laibulale ya Mzuzu University inapsa mu December 2015, ndipo chomwe chinali ndi kope limodzi lokha chinapita basi.

Wina anenanso kuti tilibe ndalama, anthu akugona ndi njala. Ndamva. Koma foni yomwe mukuwerengera nkhani inoyi imajambula masamba, imajambulanso mawu. Ulendo wa minibasi wopita ku Nkhoma suposa zomwe timamwaza Lachisanu limodzi. Mkazi wa Reid analibe thandizo la mabungwe akunja. Anasunga mapepala a mwamuna wake n'kukhala pansi kulemba.

Aphunzitsi athu nawo ali ndi mbali yawo. Wophunzira akabwera ndi mutu wa mlembi wa kuno, funso loyamba limakhala lakuti mabuku ofotokoza za iyeyo alipo angati. Akapezeka awiri okha, amauzidwa kuti asinthe mutu. Ndiye mabukuwo adzachokera kuti ngati aliyense woyamba akubwezedwa pakhomo? Wophunzira amene wacheza ndi nkhalamba zisanu zomwe zinamudziwa mlembi, n'kujambula makalata khumi, wabweretsa chinthu chomwe kunalibe. Amene wasonkhanitsa maganizo a azungu makumi awiri pa Reid wangosamutsa madzi kuchoka mu ndowa ina kupita mu ina. Koma malikisi ambiri amapita kwa wachiwiriyu.

Mnzanga uja sindikumuda, digiri yake aipeza bwinobwino. Ine mutu wanga ndaupereka kale, ndi wa Ntara, ndipo andichenjeza kuti ndivutika. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi m'depoti kupita ku Nkhoma. Ngati agogo anu anaphunzira kumeneko, kapena kunyumba kwanu kuli katoni yomwe palibe waitsegula, chonde musayatse moto musanandiuze.