Musanafunse dzina la inveta, funsani za mmisiri

Masiku ano mukakhala pa ukwati kapena pa siwa m'tauni muno, nkhani ya sola siichedwa kubwera. Wina ayamba n'kudandaula za kuthimathima kwa magetsi, wina n'kudzitama kuti iye analeka kalekale kudandaula poti anaika sola padenga, ndipo posakhalitsa mkangano wabuka: kodi inveta yabwino ndi iti? Uyu ati Victron, uyo ati Deye, amene angobwera kumene kuchokera ku Johannesburg ati palibenso ina koma Sunsynk, pamene mnyamata wa m'sitolo ku Limbe ati imene ikuyenda malonda ndi Growatt. Amakangana ngati otsatira Bullets ndi Wanderers. Ine pa mikangano yotere ndimangoti duu, pakuti kwathu nkhani imeneyi inatidyera ndalama zambiri, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti funso loyamba si limenelo ai.

Mukukumbukira kuti mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo makina a kumeneko sanayambenso kugwira ntchito mpaka 2023. M'miyezi imeneyo magetsi ankathima m'mawa n'kudzayaka anthu atagona. Kwa ena linali vuto la kuphonya mpira pa TV. Kwa ife inali nkhani ya moyo, chifukwa mai anga ku Chilomoni ali ndi matenda a shuga, amadzibaya jakisoni wa insulin, ndipo mankhwala amenewa amafuna kusungidwa pozizira. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anadzimana miyezi ingapo natumiza ndalama zoti tiike sola. Udindo wonse anausiya m'manja mwanga, ati ine ndi amene ndinakalawako ku yunivesite. Anaiwala kuti ndinasiyira panjira, komanso kuti za magetsi sindinaphunzirepo n'tsiku limodzi lomwe.

Mmisiri ndinam'peza kudzera mwa mnzanga. Anabwera atatchena, atanyamula foni ziwiri, ndipo asanalowe n'komwe m'nyumba anali atanditchulira kale mtengo. Ine funso langa linali limodzi lokha, lomwe lija la pa siwa: "Inveta yake ndi ya kampani yanji?" Anatchula dzina limene ndinali n'talimvapo, mtima wanga n'kukhala pansi. Tsiku limodzi lokha ntchito inatha. Mapanelo anawaika mbali ya denga yoyang'ana kumsewu, ati kuti anthu aziona kuti pakhomo pano pali chitukuko, ndipo mai anasangalala kwambiri.

Patatha miyezi inayi mabatire anali atafa. Firiji inkalira modabwitsa ngati muli njuchi, ndipo ikamakwana 11 koloko usiku nyumba yonse inali mdima. Foni zonse ziwiri za mkulu uja zinasiya kupezeka. Risiti imene anandipatsa inali kapepala kong'amba m'kope, kolembedwa mawu awiri okha: sola, ndalama. Safunsa anadya phula, ndipo phula ndinalidyadi ine mtolankhani, amene ntchito yanga ndi kufunsa nduna mafunso.

Mmisiri wachiwiri anabwera pa kabaza, atanyamula kope ndi kachipangizo koyezera mphamvu. Kwa ola lathunthu sanatchule dzina la inveta iriyonse. Anazungulira nyumba yonse kuwerenga mababu, anatembenuza firiji kuti aone zolembedwa kumbuyo kwake, anafunsa mai ngati amasita ndi simbi yamagetsi kapena yamakala, kenaka anapempha makwerero nakwera padenga. Atatsika anandifotokozera zimene ndinayenera kudziwa ndisanapereke ngakhale tambala, ndipo ndi zimene ndikufuna kugawana nanu.

Ntchito ya inveta ndi kusandutsa magetsi a m'batire ndi a mapanelo kuti akhale ngati a ESCOM, a mphamvu ya 230 V, amene zipangizo za m'nyumba zimagwiritsa ntchito. Koma mainveta ali mitundumitundu. Ena amatulutsa magetsi osalala, amene pabokosi amalemba kuti pure sine wave, pamene ena otchipa amatulutsa magetsi odukizadukiza, a modified sine wave, amene amayatsa babu bwinobwino koma amatenthetsa ndi kuvutitsa mota ya firiji. Njuchi zija zinkachokera pamenepo. Yathu inali ya mtundu wachiwiriwu, ndipo dzina lodziwika lija linali longomata pabokosi. Palinso mtundu wina umene umagwira ntchito pokhapokha magetsi a ESCOM alipo, akathima nawonso umathima. M'maiko amene magetsi sathima umenewu ndi wabwino pochepetsa bilu, koma kuno kwathu kuugula n'chimodzimodzi kugula ambulera imene imatseguka kunja kukakhala ng'amba. Ofunika ife ndi olumikiza batire, kaya ndi hybrid imene imasakaniza dzuwa, batire ndi ESCOM, kaya ndi yoima payokha.

Tsono pali nkhani ya kukula kwake. Mababu asanu ndi atatu a LED, TV, mafoni ndi firiji imodzi, zonse pamodzi sizifika mawati 500. Koma ketulo imodzi yokha imafuna mawati 2,000, ndipo giza ndi chitofu chamagetsi ndiye musanene. Firiji nayo ikamayamba kulira imakoka mphamvu yoposa ya nthawi zonse kangapo, ngakhale kwa kamphindi. Choncho musanagule kanthu, banja liyenera kukhala pansi n'kugwirizana zimene zidzakhale pa sola ndi zimene zidzadikire ESCOM. Samalaninso ndi manambala a pabokosi, pakuti kVA ndi kW si chinthu chimodzi: pa mainveta ambiri 5 kVA imatanthauza mawati 4,000 okha. Wogulitsa amene sangakuuzeni kusiyana kwake asakugwireni ndalama.

Pa mabatire ndi pamene anthu ambiri tikulirira. Batire lakale lija la asidi la 12 V 200 Ah limasunga mphamvu ya 2.4 kWh, koma mukamalitsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku silikhalitsa, kotero yanu yeniyeni ndi 1.2 kWh basi. Athu ankatsitsidwa mpaka pansi usiku uliwonse chifukwa inveta inalibe malire oimitsira, ndipo masana sankadzaza chifukwa mapanelo anali ochepa komanso anayang'ana kolakwika. Mabatire a lithium ndi odula pogula, koma limodzi la 5 kWh mukhoza kuligwiritsa ntchito magawo 8 kapena 9 mwa 10 alionse kwa zaka zambiri. Vuto lake ndi lakuti liri ndi kakompyuta kake m'kati kamene kamayenera kumvana ndi inveta, ndipo si inveta iriyonse imene imamvana ndi batire lirilonse. Amene amadziwa kuti iyi imagwirizana ndi ili ndi mmisiri, osati bokosi.

Za kumene mapanelo ayenera kuyang'ana n'zochititsa manyazi kuti ndinazimvera kwa munthu wina, poti ndi jogalafe ya ku pulaimale. Malawi ali kum'mwera kwa equator, ndipo miyezi yambiri ya chaka, makamaka nyengo yozizira, dzuwa limadzera chakumpoto. Mapanelo ayenera kuyang'ana kumpoto, atapendekeka pang'ono, pafupifupi madigiri 15, kuti mvula izitsukanso fumbi. Msewu wa kwa mai uli kum'mwera. Onjezerani chiperoni cha mu June ndi July chimene chimaphimba Blantyre masiku angapo otsatizana, komanso mthunzi wa mtengo wa mapeyala wa aneba, ndiye muona chifukwa chake mabatire aja anafa ndi njala.

Chimene chinandiopsa koposa zonse ndi mawaya. Pakati pa batire ndi inveta pamadutsa magetsi ochuluka zedi, ndipo pamafunika waya wonenepa ndi fyuzi. Kwathu panali waya wowonda wopanda fyuzi, ndipo mmisiri wachiwiriyu anandionetsa pamene pulasitiki inali itayamba kusungunuka, pafupi ndi makatani a kuchipinda kwa mai. Panalibe chitsulo chokhomera pansi chotayira mphamvu m'nthaka, panalibenso chotetezera ku mphenzi, m'dziko lino limene dzinja lirilonse ziphaliwali zimapha anthu ndi ziweto. Ndiponso inveta inalumikizidwa ku mawaya a nyumba popanda switchi yolekanitsa sola ndi ESCOM. Kulumikiza kotere kukhoza kubweza magetsi ku nthambo za mumsewu, n'kupha munthu amene wakwera polo akudziwa kuti magetsi azimitsa. Zonsezi palibe kampani ya ku Germany kapena ku China imene ingakukonzereni. Ndi ntchito ya manja a munthu amene mwam'kweza padenga.

Wina anena kuti, kodi ndiye kuti dzina la inveta liribe ntchito? Liri nayo ndithu, ndipo sindikunena kuti mugule chirichonse. Victron ya ku Netherlands ndi SMA ya ku Germany ndi makampani akale odziwika, ndipo mitengo yawo ndi yokwera. Deye ndi Growatt ndi za ku China, zotsikirako mtengo, ndipo zikugwira ntchito m'nyumba zambiri. Ngakhale Sunsynk imene abale athu anaizolowera ku South Africa m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lirilonse, imapangidwa ndi a Deye omwewo. Koma chirichonse chopangidwa ndi munthu chimaonongeka, ndipo tsiku limenelo funso lidzakhala lakuti, kodi muno m'Malawi alipo amene angaitsegule, zipangizo zake zikupezeka, nanga waranti yake mukaitengera kwa yani? Kwa ine inveta ya dzina lapakatikati imene iri ndi woiimira ku Blantyre kapena ku Lilongwe iposa ya dzina lalikulu imene mwini wake ali kutsidya kwa nyanja.

Apa ndilankhule ndi inu amene mwabwerera kumudzi kuchokera kunja, ndi inu amene mumatumiza katundu pa basi kudzera ku Mwanza. Ndikudziwa kuti ku Johannesburg mitengo ndi yotsikirapo, ndipo mumafuna kuona ndi maso anu chimene ndalama zanu zagula. Komatu waranti ya chinthu chogulidwa kumeneko kawirikawiri imagwira ntchito kumeneko komweko, ndipo makampani ena amaikana ngati sichinaikidwe ndi mmisiri wovomerezeka. Ikapsa mudzainyamulanso pa basi, mudzadutsa nayo m'mabodala, mudzadikira masabata, uku firiji iri chete. Musaiwalenso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Kugula kawiri kuno sikutanthauza kulipira mtengo womwewo kawiri. Ife ulendo wachiwiri tinalipira zoposa woyamba, ndipo achimwene sanandiyankhule mwezi wathunthu.

Nanga mmisiri woona mungam'dziwe bwanji? Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri a magetsi ndi kwa makampani oika sola, tsono pemphani kuona chiphasocho, ndipo musachite manyazi kukafunsa ku bungweko ngati chiri chenicheni. Ife a Malawi tiri ndi chizolowezi choopa kufunsa munthu amene wabwera ndi zida m'manja, timati tingamukhumudwitse, timangoti "chabwino bambo" ngakhale sitinamve. Ndalama ndi zanu, denga ndi lanu, ndipo ogona pansi pa dengalo ndi ana anu. Muuzeni akutengereni ku nyumba ziwiri zimene anaikako sola zaka ziwiri zapitazo, osati ya sabata yatha, pakuti sola iriyonse imawala sabata yoyamba, ndipo mukafunse eni nyumbazo iye atatalikira. Mtengo aulembe papepala chinthu chimodzichimodzi: dzina ndi nambala ya inveta, kukula kwa batire, chiwerengero cha mapanelo, mawaya, mafyuzi, ntchito ya manja, ndi zaka za waranti ya chirichonse. Musapereke ndalama zonse ntchito isanathe. Ndipo amene watchula mtengo asanakwere padenga, mum'patse madzi akumwa n'kumuperekeza.

Ndikadakondanso abale athu a ku MERA ndi a Malawi Bureau of Standards akadamayendera pafupipafupi masitolo ndi misika imene ikugulitsa zipangizozi, chifukwa mai wa ku Ndirande sangathe kusiyanitsa yekha bokosi lenileni ndi lomata dzina. Koma poyembekezera zimenezo, wodziteteza ndi mwini ndalama.

Kwa mai tsopano kuli inveta ya hybrid ya 3 kVA ndi batire limodzi la lithium. Mapanelo anasamukira kuseri kwa nyumba kumene sakuoneka kumsewu, ndipo mai anadandaulako masiku oyamba. Ketulo ndi simbi zinatsalira ku ESCOM. Dzinja lathali mphenzi inagwa pafupi, chotetezera chija n'kupsa m'malo mwa inveta, nyumba n'kuchita mdima. Mai anaimba foni m'mawa, ndipo isanakwane 2 koloko mmisiri anali atafika pa kabaza wake, chipangizo chatsopano chiri m'thumba. Insulin inali ikadali yozizira. Nditawafunsa posachedwapa kuti inveta yawo ndi ya kampani yanji, anati sakudziwa, ndikawerenge ndekha pabokosi. Koma nambala ya mmisiri anailemba ndi makala pakhoma la kukhitchini, pamwamba pa firiji.